Tifunseni: Kodi ndatsala ndekha wosamwa?

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 16, ndili ku sekondale. Pagulu lathu la anyamata ndine ndekha amene sindimwa mowa komanso sindinasutepo chamba olo fodya. Poyamba zinali bhobho koma pano akumandiseka kuti ndine mwana wa amayi, ena amvekere ndine kazitape ndidzawaneneza kwa aphunzitsi. Loweruka lina pa pate anandipatsa botolo pamaso pa atsikana, ndinangolandira nkuligwira mpaka pate kutha osamwa, kenako ndinakathira kuseri. Mnzanga amene timagwirizana kwambiri anandiuza kuti man masiku ano aliyense amamwa, tangoona masitetasi a anthu, iwe ukudzizunziranji. Nde ndikayang'anadi pafoni ndimaona ngati akunena zoona. Kodi ndingolawako pang'ono kuti andisiye? Sindikufuna kutaya anzanga.

Wosokonezeka

Mwana wanga, wachita bwino kulemba. Funso lako lomalizalo ndiliyankhiretu mosazungulira: usalawe ndi cholinga choti akusiye chifukwa sakusiya ayi. Ukalawa lero, Loweruka linalo adzati nanga si unamwa uja, lero ukukaniranji, nde kukana kwachiwiri kumavuta kuposa koyamba. Koma pomwe ndikufuna tikhalitsepo ndi pa mawu a mnzakoyo oti aliyense amamwa, poti mawu amenewa ndi amene akukusowetsa mtendere kuposa botololo, ndipo si oona ngakhale iyeyo amawanena ndi mtima wonse.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti la mowa mu 2024, ndipo mmenemo muli zoti mwa achinyamata a zaka 15 mpaka 19 padziko lonse, omwe amamwa ndi 23.5 peresenti. Ndiye kuti ukatenga anayi amsinkhu wako, atatu samwa. Ndipo mu 23.5 imeneyo alimo ngakhale uja anangolawa kamodzi chaka chonse, si okhawo oledzera sabata ndi sabata ayi. Ku Ulaya komwe achinyamata amamwa kuposa kwina kulikonse chiwerengero chake ndi 45.9 peresenti, olo kumeneko omwa sakufika theka. Fodya nde ndi ochepanso, WHO yomweyo imati mwa ana a zaka 13 mpaka 15 pafupifupi mmodzi pa khumi aliwonse ndi amene amagwiritsa ntchito fodya wamtundu uliwonse. Sindikuti ziwerengerozi nzochepa, ndi ana mamiliyoni ambirimbiri ndipo zimandiwawa mumtima, koma mmodzi mwa anayi ndi aliyense nzinthu zotalikirana kwambiri.

Nanga bwanji maso ako akukuuza zina? Izi anthu anazifufuza kalekale. Mu 1986 akatswiri awiri a ku America, Wesley Perkins ndi Alan Berkowitz, anafunsa ophunzira a pakoleji ina mchigawo cha New York kuti iwo eni mowa amauona bwanji, kenako nkuwafunsanso kuti akuganiza kuti anzawo amauona bwanji. Anapeza kuti ambiri anali ndi maganizo odziletsa, koma ambiri omwewo ankakhulupirira kuti anzawo amaona kuledzera ngati chinthu chabwinobwino. Aliyense ankadziona ngati ndiye yekha wosiyana, chonsecho osiyanawo ndi amene anali ochuluka. Mu 1993 Deborah Prentice ndi Dale Miller anapeza zofanana ku yunivesite ya Princeton, ndipo iwowa anaonanso china chomwe ndikufuna uchimvetse bwino: patapita miyezi ingapo anyamata anayamba kusintha maganizo awo kuti afanane ndi zomwe ankaganiza kuti gulu limakonda. Anasiya zomwe mtima wawo unkafuna nkutsatira gulu lomwe linali mmutu mwawo mokha. Ndi pamenepo pomwe iwe waima lero.

Tabwerera pa pate ija. Unalandira botolo, nkuligwira usiku wonse, nkukathira kuseri. Iweyo ukudziwa kuti sunamwe. Koma mtsikana amene anaima chapatali apo, kapena kamnyamata ka kalasi yapansi komwe kamaonera iwe, anapita kwawo akudziwa chani? Akudziwa kuti nayenso uja amamwa. Ngati wina anajambula nkuika pa sitetasi ndiye kuti enanso ambiri akuwerengera kale mgulu la omwa. Sindikukudzudzula, unachita zomwe ukanatha kuti upulumuke usiku umenewo ndipo ine ndikuonapo kulimba mtima. Ndikungofuna udzifunse kuti mwa onse anagwira mabotolo tsiku limenelo ndi angati ankachita ngati iwe, kumangonyowetsa milomo uku akudikira mpata wokathira kuseri komweko. Zimenezi palibe amaulula, nde aliyense amabwerera kwawo akuganiza kuti wonamizira anali yekha.

Chinanso nchoti woledzera amaoneka, wosamwa saoneka. Lolemba kusukulu nkhani imakhala ya uja anasanza, uja anagwa, uja anamenyana, ndipo imakambidwa sabata yonse mpaka umangoona ngati zinachitikira kalasi yonse pomwe ndi anthu atatu omwe aja a masiku onse. Palibe amabwera nkumati amwene mwamva, uje Loweruka anawerenga nkugona msanga. Pafoni nde zimanyanya, munthu saika sitetasi ali pakhomo akuchapa yunifomu, amaika ya botolo, komanso okonda mapate nthawi zambiri ndi amene ali ndi owatsatira ambiri nde chithunzi chawo chimodzi chimafika mmafoni a sukulu yonse. Zili ngati achule usiku wa mvula, ukamva phokoso umati dambo lonse ladzaza, ukapita ndi tochi umapeza ndi owerengeka. Uonjezerepo kukokomeza, womwa botolo limodzi akamafotokoza mawa lake amati asanu. Mnzako ujanso sakunama dala, munthu akayamba kumwa amayamba kuyenda ndi omwa anzake, akayang'ana uku womwa uku womwa, kwa iye dziko lonse ndi limenelo basi, ndipo kunena kuti aliyense amatero kumamutonthoza iye mwini akamadzikayikira.

Ndikupatse ntchito. Tenga pepala ulembe maina a mkalasi mwanu onse, anyamata ndi atsikana, kenako uchonge okhawo amene unawaona ndi maso ako akumeza mowa kapena akusuta. Za ndinamva ayi, za amaoneka ngati ayi. Ukatha uwerenge osachongedwa, ndipo pepalalo ukaling'ambe lisagwere mmanja mwa munthu. Mwina pagulu lanulo omwa ndi ambiridi, izo zitha kukhala zoona, koma gulu lanu si kalasi yonse ndipo kalasi yanu si achinyamata onse.

Tsopano za kukana. Chisankho uzipanga usanafike pamalopo, chifukwa pamaso pa anzako mutu sugwira ntchito ngati uli wekha, ndipo si iwe wekha, ndi msinkhu. Mu 2005 Margo Gardner ndi Laurence Steinberg anaseweretsa anthu gemu yoyendetsa galimoto pa kompyuta, yoti getsi lachikasu likayaka usankhe kuima kapena kupitirira. Achinyamata ankapitirira kwambiri anzawo akakhala pambali kuonerera kusiyana ndi akakhala okha, pomwe akuluakulu sankasintha kwenikweni. Kungoonereredwa kokha kumakwana. Nde uzichoka pakhomo utadziwiratu yankho lako komanso mmene ubwererere zikavuta. Yankholo lizikhala lalifupi, "ayi man ine ndili bho", basi, nkusintha nkhani. Ukayamba kufotokoza zifukwa zambirimbiri wawapatsa poyambira kukutsutsa, komanso ukayamba kuwalalikira ndi pomwe nkhani ya ukazitape imakula. Uzikhala ndi chakumwa chako chosaledzeretsa mmanja, wogwira kale kanthu sapatsidwapatsidwa. Botolo la mowa lokha usamalandirenso.

Ndipo upeze mnzako mmodzi woima nawe. Mzaka za m'ma 1950 katswiri wina dzina lake Solomon Asch anaonetsa kuti anthu amatha kuvomereza yankho lolakwika moonekeratu chifukwa choti onse mchipindamo anena limenelo, koma pakangokhala munthu mmodzi yekha wonena zoona, kutsatira gulu kuja kumatsika kwambiri. Sukusowa anthu khumi. Ine ndikanakhala iwe ndikanayamba ndi mnzako wapamtimayo, muli awiriwiri, osati pagulu, umufunse kuti kodi iweyo zimakusangalatsadi, unayamba bwanji. Anyamata ambiri akakhala okha amalankhula zosiyana ndi zomwe amalankhula pagulu.

Chifukwa chomwe ndikulimbikirira chonchi nchoti ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka cha mma zaka 25, ndipo mbali yakutsogolo yomwe imathandiza kudziletsa ndi kuganizira za mawa ndi imene imamalizira. Kafukufuku wa Bridget Grant ndi Deborah Dawson wa 1997 anapeza kuti oyamba kumwa asanakwane zaka 15 amakhala pachiopsezo chodzalephera kusiya mowa pafupifupi kanayi kuposa oyamba atakwanitsa zaka 20, ndipo chaka chilichonse chomwe munthu wachedwa kuyamba chiopsezocho chimatsika. Chamba nachonso, mwa oyamba ali achinyamata pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi mmodzi amadzakodwa nacho. Za kutaya anzako sindikunamiza, ena atha kukutalikira ndipo zidzakuwawa kwa kanthawi. Koma enanso adzasiya kukuvutitsa akaona kuti yankho lako silisintha, poti kunyoza kumatha mphamvu kukapanda kubala kanthu.

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu. Sabata yatha ndikuchapa ndinapeza kachinthu kooneka ngati cholembera mthumba la chikwama cha mwana wanga wamkazi wa zaka 15, konunkhira ngati switi. Mkulu wake ndi amene anandiuza kuti ndi vape, amasuta. Ndinamukalipira kwambiri, ndinamulanda foni, ndinamuuza kuti ana a masiku ano nonse mwaonongeka palibe wabwino. Iye anangoti ngati tonse taonongeka nde mukudabwa chani, kuyambira pamenepo sakundilankhula. Ndikuganiza zomuletsa anzake onse. Ndithandizeni, mtima wanga suli mmalo.

Mayi wodandaula

Amayi, pepani, mantha anuwo ndi a kholo lokonda mwana ndipo mwachita bwino kusainyalanyaza nkhaniyi. Vape si switi, ambiri mwa iwo amakhala ndi nikotini, mankhwala omwe aja a mufodya amene amachititsa munthu kulephera kusiya, ndipo mwana wa zaka 15 amakodwa msanga. Kafungo kabwinoko ndi kamene kamapusitsa ana kuti nzosaopsa.

Koma mundilole ndikupempheni chinthu chimodzi, mawu oti nonse mwaonongeka muwabweze. Tamvetserani bwino yankho la mwana wanuyo, ngakhale linatuluka mwamwano muli nzeru mkati. Anzake omupatsa vape amamuuza kuti aliyense amasuta, wafika pakhomo mayi ake akumuuzanso zomwezo, kungoti inu mwanena mokwiya. Mwana akakhulupirira kuti onse amatero amasowa chifukwa chokanira. Ife akuluakulu timalifalitsa kwambiri bodza limeneli osadziwa, mmisonkhano ya makolo, pa wailesi, pocheza, timati tikuchenjeza pomwe tikuuza ana osasuta kuti ndi otsalira.

Komanso zoti ana a lero ndi oipa kuposa akale sizigwirizana ndi ziwerengero za malo omwe akhala akuwerenga kwa nthawi yaitali. Ku America kuli kafukufuku wotchedwa Monitoring the Future yemwe yunivesite ya Michigan yakhala ikuchita chaka ndi chaka kuyambira 1975. Mu 1997 pafupifupi mmodzi mwa ophunzira anayi a kalasi yomaliza ya sekondale ankasuta ndudu tsiku lililonse, pano safika awiri pa 100, ndipo kumwa mowa nakonso kwatsika kwambiri. Vape ndi amene wabwera ngati vuto latsopano, koma naye ambiri samusuta.

Kuopseza kokha sikuthandiza kwenikweni. Pulogalamu ya D.A.R.E. yomwe inayamba ku Los Angeles mu 1983, apolisi nkumapita mmakalasi kukaphunzitsa ana kukana mankhwala ozunguza bongo, inafalikira mmasukulu ambirimbiri, koma ofufuza atatsatira anawo kwa zaka anapeza kuti sinasinthe zambiri. Yerekezani ndi dziko la Iceland, ku Ulaya. Mu 1998 achinyamata a zaka 15 ndi 16 okwana 42 peresenti ananena kuti analedzerapo mwezi umenewo, pofika 2016 anali 5 peresenti. Osuta fodya tsiku lililonse anachoka pa 23 kufika pa 3 peresenti. Iwowo anaika ndalama mmasewera, nyimbo ndi zina zoti ana azichita akaweruka, anaika malire a nthawi yoti ana azipezeka panja usiku, amafunsa anawo mafunso pafupipafupi nkupereka zotsatira zenizeni kwa makolo ndi sukulu za dera lililonse, ndipo analimbikitsa makolo kuti azikhala nthawi yambiri ndi ana awo, azidziwa komwe ali, ali ndi ndani, azidziwananso ndi makolo a anzawowo. Zambiri mwa izi kholo litha kuchita popanda kudikira boma.

Nde kumuletsa anzake onse ine sindikugwirizana nazo. Mwa anzakewo ambiri mwina sasuta nkomwe, ndipo amenewo ndi amene mukuwafuna pafupi naye. Mukamutsekera onse adzakumana nawo mobisa, ndipo obisala nawo bwino amakhala omwe aja mukuwaopa. Dikirani mtima utsike, mumuitane muli awiri, abale ake asakhalepo, muyambe ndi kumuuza kuti mawu aja munanena chifukwa cha mantha ndipo mukudziwa kuti si ana onse. Kenako funsani nkumvetsera: anayamba liti, amasuta kangati, amaupeza kwa ndani, amamva bwanji akapanda kusuta. Mutha kumufunsanso kuti akuganiza kuti mkalasi mwawo osuta ndi angati, nanga amene anawaona ndi maso ndi angati. Lamulo lanu likhalepo ndipo limveke, pakhomo pano vape ayi, foni ibwerera tsiku lakuti ngati tagwirizana zakuti. Ana amene makolo awo amanena momveka kuti sakufuna zimenezi, koma khomo lolankhulana lili lotsegula, ndi amene amapewa kwambiri.

Mukaona kuti akulephera kusiya, akumakwiya msanga, sakugona bwino, magiredi atsika, ndalama zikusowa mnyumba kapena wangokhala wokhumudwa nthawi zonse, pitani naye kwa dokotala kapena mlangizi. Nthawi zina kusutako kumakhala kukubisa nkhawa ina yomwe mwana sakutha kuinena, nde mukangochotsa vape nkhawayo nkutsala adzapeza china.

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 17. Mnzanga anamwa kwambiri pa pate mpaka anagona pansi osadzuka, tinkamugwedeza osayankha. Anyamata anati musiyeni zimachitikira aliyense adzuka yekha. Anadzukadi mmawa koma ine mpaka pano ndikuchita mantha. Zikadzachitikanso ndidzatani? Tinkaopa kuitana akuluakulu kuti tikalipidwa.

Wamantha

Mwanawe, mantha akowo ndi olondola ndipo mnzakoyo anachita mwayi. Sizichitikira aliyense ayi, munthu amene sakudzuka olo mumugwedeze si kuti wagona tulo, mowa wamupitirira mthupi ndipo atha kufa. Mowa womwe uli mmimba umapitirizabe kulowa mmagazi ngakhale munthu wasiya kumwa, nde amene akuoneka ngati ali bwino pano pakatha ola atha kukhala pangozi. Umachedwetsa kupuma, komanso munthu atha kusanza ali chikomokere nkutsamwa ndi masanzi ake omwe.

Zikadzachitikanso, mugonekeni chammbali, bondo lapamwamba lopinda kuti asagudubuzike, mutu wopendekera pang'ono kumbuyo kuti mpweya uzidutsa, pakamwa poloza pansi. Chagada ayi. Musamusiye yekha olo pang'ono, musamumwetse khofi kapena madzi ali chikomokere, musamusanzitse dala, musamuthire madzi ozizira chifukwa thupi lake limakhala likuzizira kale, mufunditseni. Ndipo itanani munthu wamkulu kapena ambulansi nthawi yomweyo, osadikira kuti tione kaye. Ngati akupuma mochepera kasanu ndi katatu pa mphindi, kapena akumatha masekondi 10 osapuma, milomo ikuoneka yotuwa kapena yabuluu, thupi lazizira kapena akukomoka mogwedezeka, ndiye kuti palibe nthawi yotaya, thamangirani naye kuchipatala. Kumeneko mukanene zoona zonse, wamwa chani, wochuluka bwanji, nthawi yanji, ngati anaphatikiza ndi mapilisi kapena chamba, chifukwa madokotala amathandiza malinga ndi zomwe mwawauza.

Kukalipidwa mudzakalipidwadi mwina, koma kholo lililonse lingasankhe kudzutsidwa pakati pa usiku mwana wake akadali moyo. Sunga mufoni mwako nambala ya wamkulu mmodzi amene umamukhulupirira, umuuziretu lero kuti tsiku lina utha kumuimbira usiku. Mnzakoyonso ukambe naye ali bwinobwino, umufotokozere zonse zomwe unaona usiku uja poti iye sakukumbuka, ndipo ngati aka si koyamba, mulimbikitse mupite limodzi kwa mlangizi kapena dokotala.